Kupalasa njinga nokha kudziko la eni: kukonzekera ndi mmene tsiku limayendera

Anthu akamva kuti wina wapalasa njinga kuchoka dziko lina kukatulukira dziko lina, amayamba ndi kufunsa za miyendo: kodi satopa? Miyendo si nkhani yaikulu, imazolowera pakangopita masiku ochepa. Chimene chimabweza anthu panjira ndi madzulo. Dzuwa lapendeka, m'mimba muli pululu, foni yatsala pang'ono kuzima, ndipo kogona simukukudziwa. Mukakhala awiri, wina amalondera njinga mnzake n'kupita kukafunsa. Mukakhala nokha, makaniko ndinu, wophika ndinu, wowerenga mapu ndinu nomwe. Choncho chilichonse chomwe mukukonza, kuyambira njira mpaka katundu, chikonzedwe n'cholinga choti madzulo azikupezani mutafika kale.

Yambani ndi njira yosakuzunzani

Ulendo woyamba si wodzionetsera mphamvu. Sankhani njira yomwe ili ndi zikwangwani, midzi yoyandikana, ndiponso njanji pafupi kuti zikavuta mukwere sitima. Ku South Korea kuli msewu wa njinga wotsata mitsinje kuchokera ku Incheon mpaka ku Busan, mtunda wopitirira makilomita 600. Ku Japan kuli Shimanami Kaido, makilomita ngati 70 odumpha zilumba pa milatho kuchoka ku Onomichi kukafika ku Imabari. Ku Ulaya kuli misewu ya EuroVelo, ndipo yotchuka kwambiri ndi ya nambala 6, yochokera kunyanja ya Atlantic ku France mpaka ku Black Sea ku Romania.

Kwa woyamba kumene, ine ndingaloze kachigawo ka EuroVelo 6 komwe kamatsata mtsinje wa Danube kuchokera ku Passau, m'malire a Germany, kukafika ku Vienna ku Austria. Ndi makilomita pafupifupi 320, mbali yaikulu ndi msewu wa njinga zokhazokha, wa phula, wopanda zitunda. Palasani motsata madzi, osati mokwera. Kutsetsereka kwake n'kochepa moti simukuona ndi maso, koma mphepo ya kumeneko kawirikawiri imachokera chakumadzulo, ndiye imakukankhani kumsana. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka September, ngakhale July ndi August kumadzaza anthu ndipo zipinda zimatha msanga.

Gawani mtundawo pa makilomita 50 mpaka 70 patsiku. Njinga yolemedwa imayenda makilomita ngati 15 pa ola, ndiye kuti mupalasa maola anayi kapena asanu basi. Pa pepala zimaoneka ngati ulesi. Koma onjezanipo kusochera, kudikira boti, mvula, kudya, ndi kuima kuti muone zomwe mwadzera. Masiku anayi kapena asanu aliwonse, ikanipo tsiku losakhudza njinga.

Mapepala achitike msanga

Germany ndi Austria ali m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya omwe mumalowamo ndi visa imodzi. Ngati pasipoti yanu imafuna visa, mumapempha ku ofesi ya kazembe wa dziko lomwe mukakhalitseko, pa ulendo uwu ndi Austria. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo lisachedwe kupitirira masiku 15 tsiku lonyamuka lisanafike, koma kudikira mpaka pamenepo n'kudziputira mavuto. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa komanso ikhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka. Amafunanso inshulansi yachipatala yosachepera ma euro 30,000. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta inshulansiyo, chifukwa ina imalipira munthu wovulala akupalasa mumzinda koma n'kukana wa ulendo wautali wa panjinga. Lamulo lokhalira m'derali ndi masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, mayiko onse kuwaphatikiza pamodzi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimapinga apanjinga: a visa amafuna kuona komwe muzikagona. Kunena kuti "ndikaona konko" sikuthandiza. Lembani ndandanda ya tsiku ndi tsiku, tauni ndi tauni, n'kusungitsa malo omwe amalola kusintha popanda kulipitsa. Mapepala onse ajambuleni, zithunzi zikhale mu foni ndi pa imelo, ndipo ena osindikiza akhale m'chikwama chosiyana ndi cha pasipoti.

Njinga: yomwe mumaidziwa, osati yonyezimira

Njinga yabwino pa ulendo wotere ndi yomwe yakukwanani, ili ndi magiya opepuka okwerera chitunda, ndiponso ili ndi timabowo pa felemu tomangirapo kaliyala ndi mabawuti. Kaliyala wongokolekera pa chitsulo cha chishalo amagwedera ndipo sachedwa kuthyoka. Pitani nayo kwa makaniko kutatsala mwezi, osati sabata, kuti chomwe wasintha muchiyese. Aone tcheni ngati yatanuka, mabuleki, mawaya a magiya, ndi masipoko a gudumu lakumbuyo, poti ndi limene limasenza katundu yense.

Pa matayala musaumire. Gulani okhala ndi mphira wokhuthala mkati, monga Schwalbe Marathon, a m'lifupi mamilimita 35 kapena kuposa. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala awiri, monga 37-622 kapena 50-559. Alembeni penapake. Yachiwiriyo ndi kukula kwa limu, ndipo mukailoza kwa wogulitsa aliyense padziko lapansi, adzakupatsani chubu choyenera ngakhale musakumvana chilankhulo. Onaninso valavu. Ilipo ya Schrader yonenepa ngati ya galimoto, ya Presta yowonda, ndi ya Dunlop yomwe yafala ku Germany ndi ku Netherlands. Pampu yanu igwirizane ndi valavu yanu, ndipo muyese muli pakhomo.

Chishalo chatsopano musanyamuke nacho. Chikhale choti mwakhalapo kale milungu ingapo. Poyeza kutalika kwake, ikani chidendene pa pedulo lili pansi penipeni: mwendo uwongoke bwinobwino popanda chiuno kupendekeka. Bondo likamapweteka kutsogolo, kawirikawiri chishalo chatsika kwambiri. Likamapweteka kumbuyo, chakwera kwambiri. Sinthani pang'onopang'ono, mamilimita ochepa nthawi imodzi.

Zida zonyamula si zambiri: machubu awiri, zigamba ndi sulushoni yosatsegula, timapulasitiki totukulira tayala, pampu, ma Allen key (timakiyi tomasulira mabawuti) a mamilimita 4, 5 ndi 6, chodulira tcheni ndi kamfundo kolumikizira, kabotolo ka oyilo, waya wa buleki ndi wa giya, mabawuti angapo ofanana ndi a kaliyala. Ndipo ngati njinga yanu ili ndi kachitsulo kopachikapo magiya akumbuyo komwe kamamasuka, gulani kena kapadera. Kamapindika njinga ikangogwera kumanja, ndipo felemu iliyonse ili ndi kake, moti sitolo ya m'mudzi singakhale nako. Zida zonsezi n'zachabe ngati simunazigwirepo. Musanapite, chotsani gudumu lakumbuyo, sinthani chubu, bwezeretsani, mubwereze mpaka manja azichita okha.

Katundu

Yalani zonse pansi, kenako chotsani chilichonse chomwe mwachinyamula chifukwa cha mawu akuti "mwina". Zovala zopalasira ziwiri, zovala zamadzulo chimodzi, jekete la mvula, juzi yotentha, magolovesi, chisoti. Zikwama zikhale zosalowa madzi, zokoleka m'mbali mwa kaliyala. Zolemera zipite pansi ndi kufupi ndi gudumu, ndipo mbali ziwirizo zilemere mofanana. Chikwama cha kumsana chisiyeni, chimatenthetsa msana ndi kuwawitsa mapewa. Pa mahandulo pakhale kachikwama kochotseka kosungamo pasipoti, ndalama ndi foni. Kameneka mumapita nako kulikonse, ngakhale kuchimbudzi.

Mukamaliza, pakirani zonse ndi kupalasa masiku awiri otsatizana, mugone kunja usiku umodzi. Tsiku lachiwiri ndi limene limanena zoona.

Kuikweza ndege

Ndege iliyonse ili ndi malamulo ake pa njinga, choncho funsani musanagule tikiti ndipo yankho likhale lolembedwa. Katoni yopakiramo mumaipeza kwa ogulitsa njinga zatsopano. Chotsani mapedulo, gudumu lakutsogolo ndi chishalo, tembenuzani mahandulo, masulani magiya akumbuyo muwakulunge ndi nsalu, ndipo ikani kamtengo pakati pa miyendo ya foloko kuti isafinyike katoniyo ikatsamiridwa ndi masutikesi. Pedulo lakumanzere lili ndi mazinga otembenuka. Njira yosaiwalika ndi iyi: sipanala iloze kumwamba, n'kuikankhira kumbuyo kwa njinga, mbali zonse ziwiri. Yesani kuwamasula kutatsala masiku angapo, chifukwa pedulo lomwe lakhala zaka lisanamasulidwe limakakamira.

Batire lotchajira foni limalowa m'chikwama cha m'manja, ndipo mphamvu yake isapitirire 100Wh. Gasi wophikira saloledwa m'ndege, mukagula komweko. Batire la njinga yamagetsi nalonso silikwera. Ngati zonsezi zikukulemerani, njinga zobwereka ziliko ku Passau, zina mumakazisiya ku Vienna. Koma musanaikwere, finyani mabuleki muone kuti lakutsogolo lili dzanja liti. M'mayiko oyenda kumanja nthawi zambiri limakhala kumanzere, ndipo munthu wozolowera zosiyana akafinya mwadzidzidzi amauluka pamwamba pa mahandulo.

Tsiku loyamba, ndi nkhani ya kumanja

Tsiku lofika musapalase ulendo. Mangani njinga, zungulirani tauni, gulani simu khadi ndi chakudya, gonani. Mapu a dera lonse muwatsitsiretu mu foni kuti azigwira popanda intaneti. Mapulogalamu a pafoni a OsmAnd ndi Komoot amachita zimenezi.

Ku Germany ndi ku Austria magalimoto amayenda kumanja. Ngati munakulira kumene amayenda kumanzere, ngozi siibwera mu msewu wodzaza, poti pamenepo mumangotsatira anzanu. Imabwera m'mawa mukutuluka pageti msewu uli zii, kapena mukanyamuka pambuyo popuma: thupi limabwerera mbali yomwe lidazolowera mutu usanadzuke. Mangani kansalu kowala ku handulo yakumanja. Powoloka, yang'anani kumanzere kaye. Pa raundabauti mumazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Ku Germany ndi ku Austria, pa mphambano yopanda chikwangwani, wochokera kudzanja lanu lamanja ndi amene amayamba kudutsa, ngakhale kamsewu kake kakhale kakang'ono. Kugwira foni m'manja mukupalasa n'kuphwanya lamulo, ndipo usiku nyale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo n'zokakamiza. Ku Linz, mzinda womwe uli m'njirayi, ndi ku Vienna kuli njanji za ma tram, timasitima ta mumzinda, pakati pa msewu. Zidutseni mopingasa. Mukazilowa chammbali, tayala limalowa mu mpata wa njanji ndipo mumagwa musanadziwe chomwe chachitika.

Mmene tsiku labwino limayendera

Nyamukani m'mawa, cha m'ma 7 kapena 8. Musanakwere, finyani matayala ndi chala, gwirani mabuleki onse, gwedezani kaliyala. Bawuti ya kaliyala imamasuka mwakachetechete, ndipo mukamva kulira ndiye kuti ina yagwa kale. Yang'anani kumbuyo pamalo pomwe munagona. Tchaja ndi thawulo loyanika ndi zomwe zimatsala kwambiri.

Ola loyamba palasani ngati simukufuna. Giya ikhale yopepuka, miyendo izizungulira msanga m'malo mokankha mwamphamvu. Mawondo amatha chifukwa cha giya yolemera, osati mtunda. Cholinga n'choti pofika masana mukhale mutadya magawo awiri mwa atatu a mtunda wa tsikulo. Mukatero, chilichonse chogwa masana, kaya tayala kuphwa kaya mvula, chimakupezani muli ndi nthawi m'thumba.

Idyani musanamve njala, imwani musanamve ludzu. Shuga akatha m'thupi sachenjeza. Miyendo imangoti lobodo, manja kunjenjemera, ndipo mumayamba kukwiyira zinthu zopanda pake, ngakhale chikwangwani. Mukadziona mukutukwana mphepo, imani mudye. Ola lililonse ponyani kanthu m'kamwa: nthochi, buledi, mtedza. Mabotolo awiri a madzi adzazeni paliponse pamene mwapeza mpopi, osadikira kuti athe. Madzi a m'mipopi ku Austria ndi abwino kumwa, kupatula pomwe alemba kuti Kein Trinkwasser, kutanthauza kuti si akumwa. Ndipo kumbukirani Loweruka. Ku Austria ndi ku Germany masitolo amatseka Lamlungu ndi masiku a tchuthi, moti wosagula Loweruka amatsala ndi zokhwasula za pa filing'i siteshoni kapena kasitolo ka pa siteshoni yaikulu ya sitima. M'chikwama muzikhala chakudya chimodzi chomwe simuchikhudza pokhapokha zitavuta.

Njira ya Danube ili mbali zonse ziwiri za mtsinje m'malo ambiri, koma si monse. Pa Schlögen, pomwe mtsinje umapinda n'kubwerera m'mbuyo pakati pa mapiri a nkhalango, msewu umathera m'madzi ndipo mumawoloka pa kaboti konyamula anthu ndi njinga. Timaboti timeneti timayenda m'nyengo yake ndipo madzulo timaweruka. Funsani nthawi ya komaliza mukadali kutali, ndipo sungani ndalama zachitsulo m'thumba. Safunsa anadya phula.

Siyani mpata woima. Kufupi ndi Linz kuli Mauthausen, pomwe panali ndende yozunzirako anthu ya chipani cha Nazi kuyambira 1938 mpaka 1945. Kuli chitunda chowawa pokwera, ndipo mukatulukamo simukhala ndi mtima wopalasa mtunda wautali, choncho tsiku limenelo likhale lalifupi. Kutsogolo kuli nyumba yachikasu ya amonke ku Melk, itakhala pathanthwe pamwamba pa mtsinje, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Krems ndi chigwa cha Wachau, minda ya mphesa yokwera m'mapiri ngati masitepe, ndi mabwinja a linga la Dürnstein komwe mfumu ya England, Richard, idasungidwa ngati mkaidi mu 1192. Makilomita osakwana 40 amenewa ena amawadutsa maola awiri mutu uli pansi. Apatseni tsiku lathunthu.

Pofika 2 koloko masana, dziwani komwe mugone. Imbani foni kapena pitani pomwe pali chikwangwani cha Zimmer frei, chomwe eni nyumba amaika akakhala ndi chipinda cha alendo. Funso loyamba likhale la njinga: kodi ili ndi pogona potsekeka? Ambiri m'njira imeneyi ali ndi garaja kapena chipinda chapansi. Ngati muli ndi tenti, pitani pa malo ovomerezeka. Kumanga tenti patchire ku Austria n'koletsedwa m'madera ambiri ndipo amalipiritsa. Lamuloli limasiyana dziko ndi dziko: ku Norway mumaloledwa kugona pamalo osalimidwa mpaka masiku awiri, bola mutalikire nyumba ya munthu ndi mamita 150. Palinso gulu la pa intaneti la Warmshowers, la apanjinga olandira anzawo kunyumba, koma alembereni kutatsala masiku angapo, osati dzuwa likulowa.

Fikani kukadali kowala, cha m'ma 4 kapena 5, ndipo ntchito zichitike motsatana musanakhale pansi, chifukwa mukangokhala simudzukanso. Lumikizani foni ndi nyale kumagetsi. Vulani kabudula wopalasira nthawi yomweyo, sambani, mumuchape ndi sopo, mumufinyire m'thawulo kuti aume msanga. Anthu sakonda kuikamba nkhani imeneyi, koma zilonda za pokhalira zathetsa maulendo ambiri kuposa mapiri. Zimayamba ndi thukuta ndi kukhulana. Kabudula wa siponji amavalidwa popanda chamkati, ndipo tsiku lililonse akhale wochapa ndi wouma. Mukaona kachotupa kakuyamba, pumani tsiku limodzi, osalimba mtima. Kenako pukutani tcheni ndi kansanza, donthezani oyilo pang'ono ngati ikulira kapena yanyowa, pukutaninso. Idyani mokwanira, onani njira ya mawa ndi nyengo, gonani.

Zogwa panjira

Tayala likaphwa, chokani mumsewu kaye. Mukachotsa chubu, yendetsani chala mosamala mkati mwa tayala mpaka mupeze munga kapena kagalasi komwe kaboola, apo ayi chubu chatsopanocho chiphwanso musanapite patali. Ikani chatsopano panjirapo, chobookacho mukamate madzulo. Pomata, palani pamalopo, pakani sulushoni pang'ono, dikirani iume mpaka isiye kunyezimira, kenako ikani chigamba. Kufulumira pamenepa ndi kumene kumamatula zigamba.

Mvula yawamba mumapalasa nayo, walira mvula walira matope. Ya ziphaliwali ayi: msewu ukamadutsa pamwamba pa khoma lotchinga mtsinje palibe chotalika kuposa inu, tsikani mukabisale m'nyumba kapena pansi pa mlatho, osati pansi pa mtengo.

M'udzu wa ku Austria ndi kum'mwera kwa Germany muli nkhupakupa zofalitsa matenda otupitsa ubongo komanso a Lyme. Oyambawo ali ndi katemera, funsani kuchipatala kutatsala miyezi. Madzulo aliwonse dzifufuzeni kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'chiuno, ndipo mukaipeza izuleni ndi kopanira mowongoka, osaifinya mimba. Agalu savuta pakati pa Passau ndi Vienna, koma mukapitirira mpaka ku Romania mudzakumana nawo. Galu amathamangitsa chothawa. Imani, tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iye, yendani pang'onopang'ono. Akakulumani kudziko komwe kuli chiwewe, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala ya ngozi m'mayiko onse a European Union ndi 112.

Anthu, ndi kusowa kwa anthu

Njinga yodzaza katundu imakopa anthu. Agogo pabenchi amafunsa komwe mwachokera, wina amakudzazirani botolo, wina amakuperekezani mpaka pamphambano. Phunzirani moni, zikomo, madzi ndi chipinda m'chilankhulo chawo; ku Austria mukati Grüß Gott polowa m'sitolo, nkhope zimamasuka. Ambiri ndi abwino mtima. Komabe mlendo wosamudziwa safunika kumva kuti muli nokha kapena komwe mukagone, ndipo mtima ukakana munthu, nyamukani popanda kupepesa. Zithunzi za pa Facebook muziika mutachoka kale pamalopo. Sankhani munthu mmodzi kwanu woti madzulo aliwonse muzimutumizira dzina la tauni yomwe mwagona ndi yomwe mukupita, ndipo mugwirizane chochita akapanda kumva kwa inu masiku awiri. Makhadi a banki akhale awiri, osungidwa mosiyana. Njinga muziikhoma ku chinthu chosasuntha, loko atadutsa pa felemu, ngakhale mukungolowa kukagula buledi.

Kusungulumwa kumabwera, makamaka cha tsiku lachitatu, thupi likuwawa ndipo chisangalalo chonyamukira chatha. Musagamule zosiya ulendo muli ndi njala, mwanyowa, kapena kunja kuli mdima. Idyani, gonani pabedi louma, nkhaniyo muikambe ndi mtima wanu m'mawa. Ikakhala kuti ikadalipo, kwerani sitima mudumphe chigawo chimodzi, palibe amene akukulembani malikisi. Sitima za m'madera zimalola njinga mukaigulira tikiti yake, pomwe zothamanga monga Railjet zimafuna kusungitsiratu malo, ndipo malowo ndi ochepa.

Ku Vienna siyani masiku awiri ndege isananyamuke. Lemberani sitolo ya njinga kutatsala sabata kuti akusungireni katoni, gulani tepi yomatira, tsukani matope ku matayala, ndipo fufuziranitu galimoto yomwe katoni yotalika chotero ingalowemo popita ku bwalo la ndege la Schwechat.